Tinachonga Kuti Avomera Osawafunsa

Mu ofesi mwathu muli kabati yachitsulo imene ndikaiyang'ana mtima umandiwawa mpaka lero. Kabatiyo ilibe mlandu, chitsulo sichilakwa. Olakwa ndi ife amene tinali ndi maso, makutu ndi masatifiketi, koma n'kukachita zopusa pakhonde la munthu wamkulu kwa Kasisi. Ndikuti ife chifukwa inenso ndinali pomwepo, ndipo pa awirife wamkulu ndinali ine.

Ntchito yanga ndi yoyendera anthu aulumali m'midzi ya ku Chikwawa kuno. Kwathu ndi kwa Lundu, ndipo ntchitoyi ndakalamba nayo, pansi pa kabungwe kakang'ono kamene ofesi yake ndi zipinda ziwiri ndi mtengo wa nimu panja. Timapalasa njinga dzuwa likuswa mtengo, kukaona amene akufuna ndodo, amene chikuku chawo chathyoka, amene atuluka zilonda chifukwa chogonera mbali imodzi. Tikafika timafunsa, timalemba pa fomu, timabwerera.

Chaka china anatitengera ku maphunziro pa boma la Nsanje, masiku asanu athunthu, kuti tikaphunzire kulankhulana ndi anthu amene pakamwa panatsekeka: ogwidwa ndi sitiroko, obadwa osalankhula, ndi ena otero. M'holomo Chisena ndi Chimang'anja zinkangosakanikirana monga zimakhalira kwathu kuno. Aphunzitsi athu anali mayi wina wamfupi wochokera kumtunda, wa mawu otsika, amene kutentha kwa kuchigwa kunkawazunza koma osadandaula. Mayi amenewo sindiwanenera choipa. Ntchito yawo ankaidziwa.

Zimene anatiphunzitsa sizinali zovuta. Khala moyang'anizana ndi munthuyo, mutu wako ulingane ndi wake. Muyang'ane kumaso. Funsa chinthu chimodzi, osati zitatu pakamodzi ngati wapolisi. Ukafunsa tseka pakamwa, uwerenge mumtima mpaka khumi, pang'onopang'ono. Wachibale akafuna kuyankha m'malo mwake, umuletse mwaulemu. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero tsiku ndi tsiku, mpaka tinayamba kuwatsanzira pa nthawi ya tiyi. Anatipatsanso makadi a zithunzi, okutidwa ndi pulasitiki yonyezimira: kapu ya madzi, chimbudzi, nyumba, galimoto, nkhope ya munthu womva ululu. Munthu wosalankhula amangoloza chimene akufuna.

Tinkayeserera awiriawiri. Ine ndinkakhala wodwala, kupotoza pakamwa, kulendeweretsa mkono, anthu n'kumafa ndi phwete. Wondifunsa anali mnzanga wa ku ofesi kwathu, mayi wachitsikana wa ana awiri, wochenjera mutu, amene anaposa tonse. Ankandiyang'ana m'maso osaphethira, n'kudikira mpaka ine wodwala wabodza n'kutopa. Aphunzitsi anamuwombetsa m'manja kawiri. Lachisanu tinalandira masatifiketi, tinajambulitsa, tinaimba, n'kukwera minibasi.

Koma taonani chimene tonse sitinachione. M'holo muja tinkayang'anana ife tokhatokha, anthu a msinkhu umodzi, ogawana sopo ku bafa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzutsa mkono n'kufunsa kuti, "Nanga wodwalayo akakhala bambo wa imvi, woti angakhale apongozi ako?" Palibe! Anthu makumi awiri obadwira m'chigwa muno, oleredwa kuti mkazi akafika pa akulu amagwada chapatali, amawomba m'manja, amaweramitsa mutu, tonse tinakhala chete ngati tinabadwira mu ndege. Inenso chimodzimodzi. Ndinali kalikiliki kupotoza pakamwa kuti anthu aseke.

Titafika ku ofesi, abwana athu anatenga makadi aja, kuwatembenuza, kuwasisita, n'kunena kuti, "Zinthu zokongola izi. Fumbi la kuno mukulidziwa, thukuta lanu mukulidziwa. Mukapita nazo kumudzi sabata imodzi zitha. Alendo akadzabwera adzapeze zili bwino." Anawaika m'kabati, loko kwe! Alendo anabweradi kamodzi. Makadi anatulutsidwa, kuyalidwa patebulo, kujambulidwa, ife titaimirira kumbuyo kwake mano ali mbee. Alendo atangokwera galimoto, makadi anabwerera m'kabati.

Miyezi inapita. Mvula inabwera, thonje linatoledwa, kenako dzuwa lija lowotcha mapazi. Palibe anatifunsa kuti zimene munaphunzira zija mukuzigwiritsa ntchito kapena ayi. Palibe anatiperekeza kumudzi kukaona. Nafenso sitinakumbutsane. Khasu ukalisiya pakhonde limachita dzimbiri ngakhale unaligula latsopano. Satifiketi yanga ndinaiika m'felemu, ili pakhoma pabalaza mpaka lero, pafupi ndi kalendala.

Ndiye Lachitatu lina tinapita kwa Kasisi, ine ndi mnzanga uja, kukaona bambo wina amene sitiroko inawagwira miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo. Bambo amenewo ndinkawadziwa ali bwino. Anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, anakhazikika, analima thonje, anagulitsa milamba yowamba pamsika. Anali munthu wa pakamwa, woti ukagula nsomba imodzi umachoka utamva nkhani zitatu. Akazi awo anamwalira kalekale. Tsopano mbali ya kumanja inali itafa, mawu atatheratu, kungotsala kaphokoso ka pakhosi. Ankawasamala mwana wawo wamkazi, amene mwamuna wake amadula nzimbe ku esiteti, wobwera kunyumba mwa apo ndi apo.

Tinawapeza atawakhazika pampando wandalema pakhonde. Pambali pawo, pa mpando wina, panali mng'ono wawo, bambo wa chipewa amene anachokera kumunsi kwa Nsanje, kufupi ndi malire. Ife tinatsamiritsa njinga, tinafika chapatali, tinagwada, tinawomba m'manja. Anatiyalira mkeka pansi, kumapazi kwawo. Tinakhala, miyendo titatambasula, mitu titaweramitsa, monga anatilerera amayi athu.

Mnzanga anatulutsa fomu. Kodi anafunsa ndani? Anafunsa achipewa aja. "Nanga akuluwa adzuka bwanji?"

"Ndi momwemu mukuwaoneramu," anatero mng'ono wawoyo. "Sakudziwa kanthu awa. Thupi lokha ndi limene latsala. Ife pachibale takhala pansi, tagwirizana kuti ndiwatenge. Mwamuna ndi wa kwa bambo ake, sangathere pakhomo pa mkamwini ife tilipo. Galimoto ibwera Loweruka."

Mwana wawo wamkazi anali atakhala pakhomo la nyumba, akusenda nandolo. Anayankhula osadzutsa mutu. "Ine ndatopa, amayi, ndisaname. Msana wandithera. Kuwanyamula ndekha, kuwasambitsa ndekha, kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku, kumunda osapita. Ndatopa ine."

Zonsezi zikunenedwa eniake ali pomwepo, mtunda woti ungawagwire bondo. Ine, mutu uli pansi chomwecho, ndinkaona dzanja lawo lamanzere. Linali pa thabwa la mpando, chala chikugogoda: go, go, go. Chinasiya. Mng'ono wawo atanena za galimoto, chinayambanso, mwamphamvu. Ndinachiona ndi maso angawa. Mumtima munabwera kamawu kakuti dzutsa mutu uwaone kumaso. Khosi linakana. Mkazi wa msinkhu wanga kuyang'anitsitsa bambo wamkulu m'maso, pamaso pa mng'ono wawo? Ndinapitiriza kuyang'ana mkeka.

Pa fomu yathu pali funso lakuti kodi mwiniwake wavomera zimene zakonzedwa. Mnzanga anafunsa, nkhope italoza kwa achipewa, "Ndiye eniake avomera?"

"Avomera, avomera. Akanira chiyani?"

Anachonga. Anandipatsira fomu, poti wamkulu ndiye amasaina. Ndinasaina. Tinawomba m'manja, tinatsazika, tinakwera njinga.

Tinapalasa kubwerera. Chala chija chinkagogoda m'mutu mwanga. Titafika pa mtengo wina wa masau ndinamanga mabuleki mwadzidzidzi mpaka mnzanga anatsala pang'ono kundiomba.

"Iwe!" ndinatero. "Si iwe unawombetsedwa m'manja ku Nsanje? Si iwe unkandiyang'ana ine osaphethira? Lero maso ako anali kuti? Munthu ali pomwepo, iwe n'kumafunsa chipewa! Manyazi ulibe? Unapita ku maphunziro kukadya masikono?"

Ndinamulalatira ndithu, ndisabise. Mkamwa mwanga ndimamudziwa. Iye anangoima, atagwira mahandulo, thukuta lili chuchuchu. Nditatha anandifunsa modekha, "Nanga inu amayi, anu anali kuti? Amene wasaina ndani?"

Mayo ine! Mawu amenewo anandilasa pachifuwa. Ndinakhala pansi pa masau paja, minga ikundibaya, osaimva. Mkwiyo sunathe ayi, unangotembenuka. Ndinadzikwiyira ine mwini, ndinakwiyira abwana ndi loko wawo, ndinakwiyira holo ya ku Nsanje ndi nyimbo zathu za Lachisanu. Munthu akusamutsidwa ngati thumba la mapira, kuchoka pamudzi pamene wakhala chiyambire unyamata wake, pamene pali manda a mkazi wake, ndipo amene tinaphunzitsidwa kumufunsa tagwada bwinobwino n'kulemba bodza.

Lachinayi m'mawa ndinalowa mu ofesi osagogoda. "Bwana, ndikufuna makadi aja."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Makadi ati?"

"Makadi ati! Tili ndi angati?"

Anayamba kundizungulira. Kiyi ali ndi mlembi, mlembi wapita ku maliro. Komanso mwezi wamawa kukubwera alendo. Komanso katundu wa bungwe satuluka popanda kalata. Ndinawafotokozera za bambo aja, za chala, za galimoto ya Loweruka. Anapukusa mutu momvera chisoni, n'kunena kuti nkhani za pachibale ife sitilowerera, ndipo fomu yasainidwa kale, yalowa m'failo.

"Ndiye makadiwo anapangira alendo kapena odwala?" ndinafunsa.

"Mayi, musakweze mawu mu ofesi."

Ndinakweza. Ndinawauza kuti makadi awowo awaphike adye. Ndikudziwa kuti sanali mawu oyankhula kwa abwana, ndipo pambuyo pake ndinapepesa chifukwa cha kaphikidweko, koma zina zonse sindinabweze. Ndinatuluka, chitseko chinalira.

Ndinapita pagolosale ya pafupi n'kupempha katoni ya sopo. Lachisanu masana ine ndi mnzanga tinakhala pansi pa nimu ndi mpeni ndi cholembera chakuda. Ine kujambula sindidziwa, Mulungu anandimana. Nyumba inatuluka bwino pang'ono, kapu inaoneka kapu, koma galimoto inafanana ndi mvuu. Mnzanga anaseka mpaka misozi, ndipo aka kanali koyamba kuseka chikanganirane. Titatha tinayeserera. Apa ndi pamene ndinachita mantha enieni. Zimene tinaphunzira zija zinali zitathawa! Ndikafunsa, ndisanafike pa zitatu ndayankha kale ndekha. Ndikafunsa chimodzi, chachiwiri chatulukira pomwepo. Mnzanga naye maso ankangothawira pansi. Chaka chisanathe n'komwe, zonse zija zinali zitasungunuka. Tinagwirizana kuti ine ndikafunsa, iye akakhale kumbuyo kwanga, ndikafuna kutsegula pakamwa nthawi isanakwane anditsine.

Loweruka tinanyamuka kusanatenthe. Tinapeza katundu atamangidwa kale m'zitenje ziwiri, bambo aja atavekedwa malaya a kutchalitchi, atakhazikidwa pampando wandalema uja. Anansi angapo anali atabwera kudzatsazika. Mng'ono wawo anadabwa kutiona. "Mwaiwala chiyani, amayi?"

"Tinaiwala kufunsa eniake," ndinatero.

Ndinagwada monga mwa masiku onse, ndinawomba m'manja, ndinalonjera onse. Kenako ndinasendera pafupi ndi mpando, ndikadali chogwada, n'kuyankhula kwa odwalawo. "Bambo, ndabwera kudzachita chamwano, ndiye ndayamba ndapepesa. Ndikupempha ndikhale pamwamba ngati mwamuna, ndikuyang'aneni kumaso. Si kuti sindinaleredwe ayi. Ndikufuna ndimve kwa inu."

Ndinadzuka, ndinatenga chigubu cha madzi chimene chinali pakhonde, ndinachiika patsogolo pawo, n'kukhalapo. Maondo anga anatsala pang'ono kugunda awo. Kumbuyo ndinamva amayi ena akuti, "Iii!" Mng'ono wawo anaimirira, Chisena chinatuluka chokha. "Nkhabe! Ayi ndithu! Mwambo wakuti umenewu? Mkazi kukhala maondo ndi maondo ndi akulu anga? Ku ofesi kwanu amakuphunzitsani zimenezi?"

"Amatiphunzitsa zimenezi, bambo, ife n'kuiwala," ndinayankha. "Mundikalipire ndikatha. Ndipatseni kanthawi kochepa."

Ndinadzutsa mutu. Abale, khosi linali lolemera ngati ndasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi. Ndinawayang'ana. Mbali imodzi ya nkhope inali yogwa, malovu akutsika pakona ya mlomo. Koma maso! Maso anali omwe aja a pamsika, akuthwa, ondidziwa. Anali akundiyang'ana kale. Kaya Lachitatu lija anandiyang'ana chomwecho nthawi yonse ine ndikuwerenga mizere ya mkeka, sindidziwa, ndipo ndikaganiza zimenezo tulo timandithawa.

Ndinaika zidutswa za katoni pa thabwa, pamiyendo pawo. "Bambo, ndionetseni kapu ya madzi."

Ndinayamba kuwerenga mumtima. Chimodzi. Ziwiri. Zitatu. Palibe chinagwedezeka. Mng'ono wawo anati, "Mwaona? Ndinanena ine." Zinayi. Pakamwa panga panayamba kutseguka kuti ndibwereze funso, mnzanga ananditsina m'nthiti mpaka ndinalumpha. Zisanu. Zisanu ndi chimodzi. Pa zisanu ndi ziwiri dzanja lamanzere linadzuka, linayenda pang'onopang'ono, chala n'kutera pa kapu.



"Zangochitika," anatero mng'ono wawo, koma mawu anali atatsika.

Ndinasakaniza zidutswa zija. "Ndionetseni galimoto." Ulendo uno sanachedwe. Chala chinapita pa mvuu yanga ija, chinaima, kenako anandiyang'ana, mbali yamoyo ya mlomo inakwera, pakhosi panatuluka kaphokoso. Ankandiseka! Munthu amene amati thupi lokha ndi limene latsala ankaseka kujambula kwanga. Ndinati, "Sekani, bambo, ine sukulu ya zojambula sindinapiteko." Mng'ono wawo anakhala pansi mwakachetechete.

Ndinachotsa zina zonse, ndinasiya ziwiri: nyumba ndi galimoto. "Bambo, abale anu akonza zoti lero mupite ku Nsanje, mukakhale kwa mng'ono wanu. Galimoto ikubwera. Inu mukufuna chiyani? Mukafuna kukhala pano, nyumba iyi. Mukafuna kupita, galimoto iyi."

Sindinafike ndi pa zitatu pomwe. Chala chinagwera pa nyumba, n'kugogoda: go, go, go. Kugogoda komwe kuja kwa Lachitatu.

Mtima wanga unati myaa. Ndinati basi, zatha. Koma nthawi yomweyo mwana wawo anatuluka m'nyumba atanyamula mtolo wachitatu, wa zofunda. Bambo aja anatembenuza maso, anamuyang'ana. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mayi woonda, mitsempha ya m'khosi ili poyera, dzanja lina litagwira m'chiuno. Kenako chala chija chinachoka pa nyumba. Chinakwawa pa thabwa pang'onopang'ono, chinakafika pa galimoto, n'kukhala pomwepo. Misozi inatsika mbali zonse ziwiri za nkhope, yamoyo ndi yakufa yomwe.

Ndinasokonezeka. Ndinafuna kunena kuti bambo mwalakwitsa, bwererani. Mnzanga ananditsinanso. Amene anamvetsa msanga anali mwana wawoyo. Mtolo unagwa pansi.

"Amayi," anatero, "ndiye kuti amamva? Zonse zimene ndimanena zija amamva?"

"Amamva, mwanawe."

Anagwira pakamwa. Miyezi isanu ndi itatu akudandaula kutopa pamutu pawo, powasambitsa, powadyetsa, pouza anansi, poganiza kuti akuyankhula pafupi ndi chipika. Ndipo ndani akanamuuza kuti amamva? Si ife? Si ntchito imene anatitumira ku Nsanje? Sindinamuone iye wolakwa ngakhale pang'ono. Kutopa si tchimo.

Ndinadzuka pachigubu paja. "Khala apa," ndinamuuza. "Ufunse wekha. Uwayang'ane kumaso. Ukafunsa usayankhulenso."

Anazengereza. Chibadwire anali asanakhalepo chomwecho pamaso pa bambo ake. Anakhala m'mphepete mwa chigubu ngati chikutentha, anadzutsa mutu movutika monga ndinachitira ine. "Ababa," anatero, "kutopa ndinatopadi, sindikubisirani. Koma sindinanene kuti muchoke. Ndimafuna wondithandiza kunyamula, basi. Musapite chifukwa cha ine. Inuyo mukufuna chiyani?"

Ndinawerenga mpaka khumi. Chala chili pa galimoto. Ndinapitirira, khumi ndi zisanu. Palibe anatsokomola, ngakhale amayi a "iii" aja. Ndinafika makumi awiri, ndinasiya kuwerenga. Ndipo dzanja linadzuka, linabwerera, silinaloze ndi chala ayi, linaphimba nyumba yonse ndi chikhatho, n'kukanikiza mpaka katoni inapindika.

Mng'ono wawo anavula chipewa. Anakhala nthawi akuchizunguza m'manja. Kenako anasendeza mpando wake, anakhala moyang'anizana ndi akulu ake, n'kuyankhula nawo m'Chisena motsitsa, zimene sindinazimve zonse ndipo sizinali zanga. Atatha anatembenukira kwa ine. "Miyezi yonseyi ndimayankhula pamaso pawo ngati tili pa maliro awo," anatero. "Takhuta, amayi, zikomo. Koma pachigubu paja musazolowere." Tinaseka tonse, ena akupukuta m'maso. Galimoto itabwera anaibweza. Mng'ono wawoyo anakhala sabata ina kuthandiza kunyamula, ndipo anakonza zoti alongo awo azibwera mosinthana. Sindinganene kuti msana wa mwana uja unapola, ntchito inali yomweyo, koma sankanyamulanso yekha.

Chiyambire tsiku limenelo, Lachisanu lililonse masana timakhala pansi pa nimu, tonse oyenda m'midzi, n'kuyeserera. Sitiyesererana tokhatokha ayi. Timapempha akuluakulu enieni a imvi, a pafupi ndi ofesi, kuti akhale pampando, kuti khosi lizolowere kudzuka pamene limafuna kugwa. Kwa wodwala wosalankhula timapita awiri, wina wofunsa wina wotsina. Tikafika timagwada kaye, timalonjera, timapepesa, kenako timapempha chokhalira. Ulemu sitinautaye, tinangouika poyamba kuti utitsegulire njira. Makadi timadula ku makatoni, akada timadula ena, ndipo timawasiya kwa wodwala komweko. Palibe anatituma zimenezi, palibe anatijambula.

Chaka chathachi kunabweranso uthenga woti tipite ku maphunziro ena, a masiku asanu, a nkhani yomweyo. Ndinaimirira pa msonkhano n'kufunsa kuti, kodi masiku asanuwo bwanji osawagawa, aphunzitsiwo azibwera tsiku limodzi pakapita miyezi, akwere njinga nafe, akatione pakhonde la munthu pamene timagwada? Anandiyankha kuti ndondomeko yake sinalembedwe chomwecho. Aaa! Ndondomeko! Anthu anapita, anaimba, anabwera ndi masatifiketi ena ndi makadi ena onyezimira. Mukudziwa kale kumene analowa.

Bambo aja anakhala pakhomo pa mwana wawo chaka china ndi miyezi, n'kumwalira nthawi ya mvula. Anaikidwa pafupi ndi akazi awo. Pa maliro mwana wawo anandionetsa tizidutswa ta katoni tija. Anali atawonjezapo zithunzi zake, wailesi, fodya, mthunzi, nsomba. Nyumba yanga ija inali itafufutika, pamalo pake patatsala chizindikiro chakuda cha chala.

Tsiku lina kabati inali yotsegula, mlembi akufuna mapepala ena. Ndinasuzumira. Makadi a ku Nsanje anali momwemo, akadali m'pulasitiki yawo, opanda ndi kadontho komwe. Pansi pake panali mafailo. Ndinafunafuna mpaka ndinaipeza fomu ya Lachitatu lija. Ndinapempha kuti ndiikonze, anati zolowa m'failo sizisinthidwa. Ndiye ikadali momwemo. Imati bambo aja anavomera kupita ku Nsanje, ndipo siginecha ili pansipo ndi yanga.